Timu ya Malemu Sipanala

Woyamba kuona zachilendozo anali Tcheyamani mwiniwake, Lolemba m'mawa, asanavale n'komwe ovololo. Iyeyu anali wamagetsi pagalaja yokonza magalimoto, ndipo dzinalo analipeza chifukwa ndiye ankayendetsa kaligi ka mpira wa pafoni ka anthu asanu ndi anayi a pantchitopo. Aliyense ankasankha osewera enieni n'kupanga timu yake, osewerawo akachita bwino Loweruka, mwini timu n'kukolola mapointi. Tsono timu ya Sipanala inali itakwera kuchoka pachisanu ndi chiwiri kufika pachinayi. Koma Sipanalayo, makaniko wamkulu, anali atagona kumanda milungu itatu.

Tcheyamani sanachotse timuyo chifukwa cha ulemu basi. Timu yamasiye imangotsika yokha, poti osewera akavulala palibe wowasintha. Koma iyi, ayi ndithu! Ovulala awiri anali atachotsedwa Lachisanu usiku, ndipo kaputeni, amene mapointi ake amawerengedwa kawiri, anali goloboyi. Pagalaja ponsepo ndi Sipanala yekha amene ankapatsa goloboyi ukaputeni. Ankati munthu wosiyidwa yekha kumbuyo ngofunika kumulemekeza, anzake n'kumamuseka.

Sabata yotsatira timuyo inafika pachitatu. Manong'onong'o anayamba kuseri kwa matayala. Ena ankati foni ya malemu inalowa nawo m'bokosi. Mayi wosesa anati Loweruka m'mamawa anapeza mpando wa m'chipinda cha zipangizo, momwe munali kompyuta yakale, uli wofunda. Koma wopenta magalimoto sanafune zozungulira.

"Ndiwe, Tcheyamani," anatero pamaso pa onse. "Unamutsegulira timu ndiwe, pasiwedi ukuidziwa. Ulibe manyazi kusewera ndi dzina la munthu wakufa?"

Tcheyamani anapsa mtima koopsa. Iye amene ananyamula nawo bokosi! Iye amene zaka zitatu anapirira madandaulo awo, kuwakumbutsa nthawi yotseka kusintha osewera ngati ana a mkaka! Chomupweteka koposa n'chakuti nkhaniyo inafika kwa mkazi wa malemu, yemwe ankamutcha mlamu. Atakumana pamsewu, mayiyo anangoyang'ana kumbali osamuyankha moni.

"Pofika Loweruka uchotse timuyo, ukapepesenso kwa namfedwa," anagamula wopenta.

"Ndipepese chimene sindinachite? Mwandiona bwanji anthu inu?"

Lachisanu anzake ataweruka, iye anabisala m'minibasi yopanda injini yomwe inali pakona. Mdima unadzaza galaja, fungo la oilo ndi girisi lili kwiii. Malata ankalira pozizira, madzi akudontha pampopi, tho, tho, tho. Pakati pa usiku, kuwala kobiriwira kunatulukira pansi pa chitseko cha chipinda cha zipangizo. Kenako kunamveka kugogoda kwa mabatani, pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, momwe ankalembera Sipanala. Tsitsi la Tcheyamani linaima. Koma atakumbukira nkhope ya namfedwa uja, ukali unaposa mantha. Anatola chitsulo chomasulira matayala, nanyang'ama, n'kukankha chitsekocho.

Pampandopo panali mlonda wa pagalajapo, bambo wachikulire wa chijasi chong'ambika, magalasi ali pamphuno.

"Inu, madala?" Tcheyamani ananong'ona. "Mwandipaka matope chonchi, mkazi wa mnzanga osandiyankha moni, kani ndinu?"

Mlondayo sanadzidzimuke. Anavula magalasi n'kumuyang'ana.

"Mwakwiya, bwana? Nanenso ndinakwiya. Chaka chatha ndinakupemphani kulowa muligi yanuyi. Munati mlonda wa kafoni ka mabatani angadziwe chiyani za mpira, nonse n'kuseka. Sipanala yekha ndi amene ananditengera muno, n'kunditsegulira timu yake, nati tiziyendetsa awiri. Usiku wonse ndimamvera mpira pawailesi. Osewera onsewa ndimasankha ndine, kuyambira ali moyo."

Tcheyamani anatsitsa chitsulo chija. Anakumbukira tsikulo, ndipo anakumbukiranso kuti amene anaseka kwambiri anali iye.

"Chabwino," anatero. "Mawa mukanene zimenezi pamaso pa onse, dzina langa liyere. Koma nanunso, mpaka kumutsanzira malemu pomupatsa goloboyi ukaputeni? Mumafuna kutiopseza?"

Apa nkhope ya mkuluyo inasintha. Anayang'ana kuchitseko, n'kutsitsa mawu.

"Zimenezo si ine. Tinagawana ntchito: osewera ine, kaputeni iye. Ine za goloboyizo ndimadana nazo, zimatitayitsa mapointi. Lachisanu lililonse ndimapereka ukaputeni kwa womwetsa zigoli, n'kuthimitsa kompyuta, n'kukhoma chitseko. M'mawa ndimapeza wabwerera kwa goloboyi."

"Bodza!"

"Onani nokha. Ndangousintha kumene."

Onse awiri anatembenukira kukompyuta. Kachizindikiro ka kaputeni kanali pa goloboyi. M'galajamo mpopi uja unali utasiya kudontha, ndipo kunja kwa chitseko kunamveka kachitsulo kakugwa pasimenti, ngiii, n'kugubuduka pang'ono.

Loweruka m'mawa mlonda anaulula mbali yake, wopenta n'kugwetsa nkhope. Tcheyamani analemba mkuluyo muligi pomwepo, ndipo madzulo namfedwa anamutumizira uthenga womutchanso mlamu.

"Basi, nkhani yatha," anatero wopenta. "Chotsa timu ya malemuyo."

Tcheyamani anamuponyera makiyi a chipinda chija pamapazi.

"Unali ndi pakamwa ponditukwana. Pasiwedi ndakulembera pakhoma. Kachotse wekha."

Makiyiwo anakhala pansi pomwepo mpaka mayi wosesa anawatola Lolemba. Ligi ya chaka chimenecho inatha timu ya Sipanala ili pamwamba, kaputeni wake akadali goloboyi.