Tebulo la Masamba Onunkhira

Kamphuno anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Dzinali anamupatsa ndi abambo ake. Mwanayu ankanunkhiza chilichonse. Sopo, ankanunkhiza. Buku latsopano, ankanunkhiza. Ngakhale nsapato za achimwene ake, ankanunkhiza. Apo ndiye ankanong'oneza bondo!

Koma Kamphuno anali ndi chisoni. Abambo ake anasiya kuona chaka chatha. Anasiya kutuluka m'nyumba. Anasiyanso kuseka. Kamphuno ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kumva abambo akusekanso.

Tsiku lina amayi anabwera ndi uthenga. Amayi anali m'gulu la olima maluwa.

"Kunyumba yosungira zinthu zakale akuitana magulu," anatero amayi. "Kuli chipinda cha zomera. Anthu salowamo. Akufuna tikawathandize kuchikonza."

"Ababa, tiyeni!" anatero Kamphuno.

"Ndikaonako chiyani, mwanangu?" anayankha abambo. Anatsala pampando wawo.

Kamphuno anapita ndi amayi. M'chipindamo munali masamba ouma. Masamba apa, masamba apo. Onse anali m'magalasi. Pakhoma panali chikwangwani: OSAGWIRA.

Kamphuno anagunditsa mphuno pagalasi. Ananunkhiza. Ananunkhizanso. Fungo panalibe.

Mayi woyang'anira chipindacho anafunsa, "Tisinthe chiyani?"

"Ife tibweretsa zomera zamoyo m'zitini," anatero olima maluwa.

"Ife tikhoma mabenchi," anatero akalipentala.

Kamphuno anakweza dzanja.

"Abambo anga saona," anatero. "Galasi silinunkhira."

Mayi woyang'anira anagwira chibwano. "Wanena zoona, mwana iwe. Masamba akalewa sitingawagwire, angaphwanyike. Koma tiike tebulo limodzi la masamba aawisi."

Akalipentala anakhoma tebulo. Olima maluwa anathyola masamba. Mayi woyang'anira analemba mayina pamapepala. Kamphuno analemba chikwangwani chatsopano: GWIRANI! NUNKHIZANI!

Tsamba limodzi anapita nalo kunyumba. Analiika m'manja mwa abambo.

Abambo analifikisa ndi zala. Analinunkhiza. "Bulugamu," anatero.

"Kuli enanso ambiri, Ababa."

Abambo ananunkhizanso tsambalo. Kenako anati, "Ndipatse nsapato zanga."

Atafika m'chipinda cha zomera chija, patebulo panadzaza anthu. Kamphuno anapatsa abambo tsamba. Abambo anafikisa. Ananunkhiza.

"Gwafa."

"Mwakhoza!" anatero Kamphuno.

Anawapatsa lina. Abambo anafikisa. Ananunkhiza.

"Ndimu."

Kamphuno anawerenga pepala. Anachita tsinya. "Ababa, apa alemba kuti lalanje."

"Olembawo alakwitsa. Limeneli ndi ndimu."

Mayi woyang'anira anabwera msangamsanga. Anavala magalasi ake. Anayang'ana tsambalo. Analiyang'ananso. Kenako anavula magalasi. Anafikisa. Ananunkhiza.

"Mayo ine!" anakuwa. "Ndi ndimudi! Masambawa amafanana. Ine ndinangoyang'ana ndi maso. Ndasinthanitsa mapepala!"

"Maso akunamizani, mayi," anatero abambo. "Mphuno ndiye sinama."

Ndiyeno abambo anaseka. Anaseka mpaka mapewa kugwedezeka. Akalipentala anaseka. Olima maluwa anaseka. Mayi woyang'anira anasekanso, uku akukonza mapepala.

Kamphuno yekha sanaseke. Ankangomvetsera. Chimwemwe chinadzaza mumtima mwake.

"Bambo, tebuloli likufuna mphuno ngati yanu," anatero mayi woyang'anira. "Mungamabwere Loweruka lililonse? Muziphunzitsa alendo athu. Mubwerenso ndi anzanu osaona."

"Ndizibwera," anatero abambo. "Koma ndizibwera ndi mnzangayu."

Anafinya dzanja la Kamphuno.

Pobwerera kunyumba, abambo anaima pamsewu. Anakweza mphuno m'mwamba. Kamphuno anakwezanso yake.

"Mvula ikubwera," anatero onse awiri pamodzi.

Amayi anaomba m'manja. "Aa! Lero ndadziwa kumene mwanayu anatengera mphuno!"

Abambo anasekanso. Ulendo uno Kamphuno anaseka nawo.