Mzinga wa m'Munda mwa Leopoldina

Nkhani iyi si ya kumowa ayi. Amene anaona alipo: akatekisiti Amós a ku Zóbuè, munthu wosalawa ngakhale thobwa logonera, ndi Belmira amene amagulitsa makala ku Moatize. Zinachitika mu 1994, anthu atangobwerera kuchokera ku Malawi kumene anathawira nkhondo.

Leopoldina, mayi wamasiye wa ana anayi, anapeza munda wake uli ndi mlendo. Pakati pake panali galimoto yankhondo yakufa, ya mateyala asanu ndi limodzi, mzinga wake utaloza kumsewu. Inali imodzi mwa zimene asilikali a ku Zimbabwe ankaperekezera malole pamsewu wa ku Tete. Amene anathera m'kati mwake palibe ankamudziwa. Leopoldina anaizungulira kamodzi, n'kunena kuti bola siidya chimanga. Nkhuku zake zinayamba kuikira pansi pake, iye n'kumayanika zitenje pamzinga.

Kumtunda kwa mundawo kunali miyala yokhayokha. Nthaka yabwino inali kumunsi, pachulu, ndipo akanapanda kulima pamenepo mvula isanafike, ana akanagona ndi njala chaka chonse. Choncho anafulula mowa n'kuitana dima, anansi khumi ndi makasu awo.

Analima m'mawa wonse akuseka. Mlamu wake Zacarias, mwini munda woyandikana, ankati Leopoldina wapeza mwamuna wabwino, wachitsulo, wosayankha. Dzuwa lili paliwombo, mzere wa makasu unayandikira chulu, Leopoldina ali patsogolo.

Nyenje zinasiya kulira. Zonse, nthawi imodzi.

Kunamveka fungo la dizilo wopsa. Kenaka chitsulo chinalira kumbuyo kwawo, pang'onopang'ono, ngati chitseko cha nyumba yosiyidwa. Anacheuka. Mzinga unkatembenuka, zitenje zili lende. Unadutsa Amós. Unadutsa Zacarias. Unaima pa Leopoldina.

Mowa sunamwedwe tsikulo. Amós anafika kutchalitchi ndi nsapato imodzi.

Mapemphero analephera kuubweza mzingawo. Ndiye Zacarias anati mzimu umamvera anthu akwawo, ndipo pakachitsulo ka m'kati anali atawerengapo kuti galimotoyo anaipanga ku Brazil. Belmira, mng'ono wake wa Leopoldina, ankadziwa kuti ku Moatize kuli msilikali wa dzikolo, mmodzi mwa obwera kudzayang'anira mtendere. Leopoldina anavala duku la Lamulungu, n'kukwera lole ya makala atakumbatira tambala, kukapempha munthuyo kuti adzatenge mzimu wa m'bale wakeyo.

Msilikaliyo, Kapitau Constantino, anaseka mpaka kupukuta misozi, koma anabwera. Ataona galimotoyo anaisisita ngati ng'ombe yakwawo. Anafotokoza m'Chipwitikizi chake choimba kuti usilikali anauphunzirira m'galimoto yotereyi, kuti mumakhala anthu atatu, woyendetsa, wolamula ndi wowombera, ndi kuti dziko lake linagulitsa zambiri kumaiko akutali. Kugulitsa galimoto, anatero, si kugulitsa ndi mizimu yomwe. Analowa m'kati kuti awaonetse kuti chogwirira chozunguzira mzinga chinadyedwa ndi dzimbiri kalekale.

Chinalidi chouma gwa. Anachikankha ndi manja awiri, osasuntha.

Anatuluka asakusekanso. Kunja chitsulo chinkaotcha dzanja, koma mpando wa wowombera unali wozizira ngati madzi a pachitsime. Anaima kumbuyo kwa mzinga, n'kutsinzina diso limodzi, kutsatira kumene unaloza. Anafunsa chapansipansi kuti ankatsogolera mzere ndani, ndipo anaima pati. Leopoldina anamuonetsa khasu lake, lili chigonere pamene analitaya.

"Mayi, musakalitenge," anatero. "Kwathu mzinga sitilozetsa munthu amene tikumuperekeza. Timalozetsa kumene kuli choopsa."

"Ndiye sakundithamangitsa?"

"Akukuperekezani."

Patatha sabata anabwera anthu ofukula mabomba okwiriridwa. M'tsinde mwa chulu anapezamo awiri, loyamba mapazi atatu kuchokera pakhasu lija. Kapitau anabwerera ku Moatize ndi tambala wake, koma anakana kulowanso m'galimoto muja.

Mvula yoyamba inagwa Lachinayi, ndipo Lachisanu Leopoldina anadzala chulu chonse, ana akukwirira pambuyo. Zacarias anali m'malire, akufuula kuti alamu asaiwale kupereka moni kwa amuna awo. Leopoldina anaweramuka kuti amubwezere, koma mawu ake anamveka okhaokha m'munda monse, poti nyenje zinali zitasiyanso.

Chitsulo chinalira. Mzinga unachoka pachulu, unadutsa malire, n'kuima pakati pa munda wa Zacarias.

Ofukula aja anabweranso. Anafufuza masiku atatu, phazi ndi phazi, osapeza ngakhale msomali. Anauza Zacarias kuti alime, palibe kanthu, koma iye sanaikepo khasu. Leopoldina anakolola nkhokwe yodzaza chaka chimenecho, n'kupatsa mlamu wake mizere isanu yoti alime kumtunda kuja kwa miyala. Pakati pa munda wa Zacarias udzu umafika m'khosi mpaka lero, ndipo mbuzi zikafika pamenepo zimalambalala.