Lachiwiri la ku Sikelo

Tsiku limodzi lokha! Rute sanapemphe chitenje, sanapemphe malata. Anangopempha kuti Hudson avale malaya ochapa, amuperekeze ku sikelo, akakhale pa benchi ngati amuna anzake. Masabata atatu anadutsa, munthu osaoneka.

Awiriwa anakumana pa siteji ya Chinakanaka, pomwe Rute amagulitsa zinanazi. Hudson, wonyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula, anatsika minibasi n'kulunjika pa mulu wa Rute.

"Chotsaniko pang'ono, mayi."

"Sindichotsa. Ngati mulibe, pitani."

"Ndiye ndigule mwini wake yemwe."

"Ameneyo amuna awiri anamubweza kale. Sabereka."

"Ine ndikufuna mtima," anatero Hudson. "Mwana ndi wa chiyani?"

Mawu amenewo! Mkazi wa zaka makumi anayi ndi zinayi, woti apongozi awiri anamuloza chala, akanatani? Tsiku limenelo chinanazi chinapita chaulere.

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula ya m'phiri.

"Chinanazi changa chokupsa, kuno kukuzizira koopsa, koma ndikakuganiza ndikutuluka thukuta."

"Wapamtima, tsiku lomwe udzandiitane, ngakhale ndili pa Sapitwa, ndidzatsika chothamanga."

Rute kuwerenga kunkamuvuta, koma amenewa anawaloweza ngati nyimbo ya kwaya. Loweruka lililonse Hudson ankabwera, Lolemba n'kubwerera kuphiri. Za ankhoswe ankati, "Nyengo ya alendo ithe kaye."

Chitatha chaka, msambo unasiya. Rute anati ndi ukalamba. Analira yekha kuseri kwa nyumba, poti khomo lomwe silinatsegukepo tsopano latsekedwa ndi njerwa. Koma fungo la zinanazi zake zomwe linayamba kumuchititsa mseru.

"Achemwali, pitani kuchipatala," anatero mng'ono wake Esther. "Mwina ndi chotupa."

Namwino anamuyeza, anabwerezanso.

"Mayi, muli ndi pakati. Miyezi inayi."

"Musandiseke, mwanawe. Ndine msinkhu wa amayi anu."

"Sindikuseka. Koma ndi mimba yoyamba, zaka zapita, ndipo magazi akuthamanga kwambiri. Apa sitichita masewera. Lachiwiri mubwere ndi bambo, tiyeze magazi nonse awiri. Amve okha kuti mudzayenera kukadikirira kuchipatala chachikulu."

Rute anatuluka, n'kukhala pakhonde la chipatala. Zaka zonsezo za mizu yowawa ndi mapemphero a kumapiri, osaphula kanthu, lero zangobwera zokha? Analembera Hudson meseji ndi chala chimodzi: "Ndili ndi pakati. Mulungu wandikumbuka. Bwerani Lachiwiri."

Yankho linafika patatha masiku awiri. "Netiweki ikuvuta kuphiri."

Basi. Ndi Loweruka lomwe anasiya kubwera.

Sabata yachinayi Rute anamusiyira Esther malonda, n'kukwera kabaza wa ku Likhubula. Anapeza onyamula katundu atakhala pansi pa mitengo, akudikira alendo. Hudson atamuona anadzuka msanga, n'kumukokera kuseri kwa galimoto ina.

"Rute, wadzatani kuno?"

Rute! Chinanazi chija chinathera kuti?

"Munati ndikadzakuitanani mudzatsika chothamanga. Ndaitana."

"Unandinamiza iwe. Unati subereka."

"Amuna awiri anatero, ine ndinakhulupirira. Si inu munati mukufuna mtima?"

Hudson anayang'ana anzake, n'kutsitsa mawu.

"Tamvera. Ndili ndi ana asanu ndi mmodzi ku Thuchila, mayi wawo ali konko. Ndinatopa ndi matewera. Ndinkafuna poti ndizikapumulirako, popanda kulira kwa mwana. Ukuganiza kuti ndinatsika minibasi ija chifukwa cha zinanazi? Ndinafunsa kaye. Anandilozera iwe."

Apa m'pomwe Rute anazindikira. Ndiye kuti chilonda chake chija ndicho chinamuitana munthuyu! Chomwe ena anamutayira, uyu anamutolera chomwecho.

Misozi inabwera, koma anaimeza. Mkazi wa pamsika salira malonda asanathe.

"Chabwino, a Hudson. Ukwati usiyeni. Dzina lanu khalani nalo, mwana adzatenga langa. Ndipatseni m'mawa umodzi."

"Sizingatheke."

"Ola limodzi. Akuyezeni magazi, ndidziwe chomwe ndikumupatsa mwanayu. Akuti ndikhoza kufa naye, mwamva?"

"Mlamu wanga amagulitsa mandasi pageti la chipatala pomwepo. Ufuna banja langa lithe?"

"Tipite chipatala china. Yokwerera ndilipira ine."

"Ndati ayi! Nkhalamba ngati iwe, ukakhale pa mzere ndi tiatsikana, ine pambali pako? Anthu aziti chiyani?"

Kumtunda wina anakuwa kuti alendo afika. Hudson anasenza chikwama chachikulu cha munthu wosamudziwa, anamanga malamba pachifuwa, n'kulowa njira ya kuphiri osacheuka.

Lachiwiri Rute anafika ku sikelo m'mamawa. Atsikana anasuntha pa benchi, akuganiza kuti waperekeza mwana wake. Wina anafunsa, "Agogo, wanu ndi uti?" Rute anakhala pa benchipo. Anadikira mpaka dzina lake litaitanidwa.

Namwino anayang'ana kumbuyo kwake.

"Bambo ali kuti, mayi?"

"Akana," anatero Rute, akupereka mkono. "Yezani ine."