Awa Ndiwawolotsa Ndine

Ananyamuka mochedwa chifukwa bambo ake ankakana zopita kuchipatala. Anadzavomera mpweya utayamba kuwathawa, anthu atagona kale. Mzime, monga ankamutchulira pakhomopo, anawagoneka kumpando wakumbuyo wa galimoto, nawafunditsa bulangeti, naponda moto.

Atatsala pang'ono kukwera mlatho, tochi inathwanima pakati pa msewu. Anali wapolisi wa pamsewu, dzanja lili m'mwamba. Mzime anaponda buleki, natsitsa galasi.

"Mumathamanga," anatero wapolisiyo.

"Ndavomera, bwana. Koma taonani kumbuyoku, bambo anga adwalika. Lembani nambala ya galimotoyi, chindapusacho ndidzalipira mawa."

Wapolisiyo anatulutsa kabuku ka matikiti n'kuyamba kulemba, mosapupuluma konse.

"Bwana, chonde. Tengani laisensi yanga. Kapena kwerani tipitire limodzi, mukandimange tikafika."

"Pano aliyense amathamanga."

Kumbuyo bambo aja ankapuma ngati munthu wocheka thabwa. Mzime anaganiza zongothawa, zamilandu adzaziona kukacha. Asanagwire giya, injini inazima yokha. Anapotokola kiyi. Kete... kete... zii!

Apa m'pamene anayang'ana bwino. Panalibe galimoto ya apolisi. Panalibe wapolisi mnzake. Yunifolomu ya munthuyo inali kudontha madzi, chonsecho mvula inali isanagwe. Fungo la matope linadzaza m'galimoto.

Mzime anafuna kukuwa. Asanatero, kumbuyo kunamveka mawu.

"Mwanawe... taima chifukwa chiyani?" anafunsa bambo aja ndi mawu akutali.

"Tikupita, ababa. Tikupita pompano."

Wapolisiyo anasiya kulemba. Anaunika kumpando wakumbuyo, nagwedeza mutu ngati wakumana ndi munthu womudziwa.

"Inu pitani," anatero. "Awa ndiwawolotsa ndine."

Tochi inazima. Mdima bii! Injini inalira yokha. Mumsewu munalibe munthu.

Mzime anawoloka mlathowo akuitana, "Ababa! Ababa!" Sanayankhidwe. Sanayerekeze kucheuka. Anangoyendetsa, misozi ikutseka maso, uku akuwauza bambo ake kuti magetsi a chipatala ayamba kuoneka.

Namwino amene anatsegula chitseko chakumbuyo anagwira mkono wa bambowo kanthawi, kenako anakoka bulangeti lija n'kuwaphimba kumaso.

Maliro atatha, Mzime anapita kupolisi kukadandaula. Anafuna amuone ndi maso munthu amene anamuchedwetsa, amufunse ngati iye alibe kholo. Mkulu wa apolisi, bambo wa imvi, anamvetsera mpaka pamapeto osamudula. Kenako anavula chipewa, nachiika patebulo.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Koma pamlatho paja ife sitiimapo. Amene ankaimapo anagundidwa ndi lole yomwe ankaiimitsa, n'kugwera mumtsinje. Papita zaka zambiri, mwina inu munali musanayambe n'sukulu yomwe. Bokosi lake ndinanyamula nawo ine."