Botolo la Pansi pa Bedi

Botolo linayamba kuyenda Lachiwiri. Aphunzitsi a sayansi anali atasungunula mchere m'madzi otentha m'botolomo n'kulendewezamo ulusi, kuti ana a sukulu akaone mmene mwala umamerera. Analisiya pawindo la kukhitchini. Kutacha analipeza pansi pa bedi la apongozi awo aamuna, litafunditsidwa jekete.

Apongoziwo anakalambira kumgodi, ndipo chibwerereni mutu sunkayenda bwino. Anthu a mumsewumo ankanong'onezana kuti mdalayo amacheza ndi anzake amene anakwiririka pansi. Aphunzitsi, poti ndi ophunzira, ankaziseka zimenezo, koma masana okha.

Botolo lija analibweza pawindo. Usiku, nyumba itati zii, anamva mapazi akukhwekhwereza pasimenti pang'onopang'ono, kenako galasi kuti ngwii. Kutacha linalinso pansi pa bedi, ndipo ulendo uno anaopa kulikhudza. Sabata yathunthu ankangomva manong'onong'o kuseri kwa khoma, mawu a munthu mmodzi wonyengerera chinthu chosayankha.

"Bambo anu akundiopsa," anauza amuna awo chapansipansi. "Loweruka muwaperekeze kwa achemwali anu. Chikwama ndalongedza kale."

Amunawo anangopumira m'mwamba.

Lachisanu usiku aphunzitsi analimba mtima n'kunyang'ama ndi tochi. Mdalayo anali khale pansi mumdima, botolo patsogolo, osalikhudza, akupuma mosamala ngati pagona khanda.

"Musaponde mwamphamvu, mayi," anatero motsitsa. "Pawindo paja malole akamadutsa pamanjenjemera, ndiye dzuwa limaumitsa madzi mwaliwiro. Mukanangokolola phala. Kumgodi miyala ya nkhope zosalala tinkaipeza m'mphako mokha, momwe munali malo ndi bata, madzi akudontha zaka ndi zaka. Mwala wopanikizika umatuluka wopanda nkhope."

Aphunzitsi anawalitsa. Pa ulusi panali kamwala kamodzi kofanana ndi dzino la mwana, koonekera ngati galasi, mbali zonse zofanana, ngodya zake ngati wasema mmisiri. Zaka khumi akuphunzitsa, anali asanakulitsepo kotere. Manyazi anawagwira.

"Ndimakauza kuti kasafulumire," mdalayo anatero, maso ali pachikwama chimene chinali pakhomo. "Kakufunika sabata ina. Ine ndikapita mawa, chonde musakasunthe."

Aphunzitsi anazimitsa tochi. Anavula masilipasi, ananyamula chikwama chija, n'kuyamba kubweza malaya m'kabati limodzilimodzi, mumdima momwemo, kuti botolo lisagwedezeke.