Nsomba Imene Siinafe

Madzulo amenewo mwini damu lakumtunda anamwaza chakudya cha nsomba monga mwa masiku onse, koma madzi anangoti zii. Nsomba zake zamawangamawanga, zija zokonda madzi ozizira, zinkazungulira ngati zaledzera, zitada bii, maso ali tong'o, zipsepse zili magazi. Sabata isanathe damu lonse linali fungo lokhalokha. Inatsala imodzi, yaikazi, yonenepa, ikusambira ngati sikudziwa kanthu.

Kenako imfa inalowa m'madamu a anzake, lero ili, mawa ilo. Anthu anayamba kunong'onezana. Akuti dzuwa likafiira kumamveka chidebe, khavu, khavu, ndipo m'mawa m'matope mumakhala mapazi a mzimayi.

"Mwawaona mapaziwo?" mwini damu lakumtunda anafunsa mnzake wina.

"Tsitsani mawu, achimwene. Ndi aang'ono ngati a alamu anu."

Alamuwo anali mkazi wamasiye wa mkulu wake wa mwini damuyo, wosoka maukonde, wosakonda kuseka. Mlandu wake unali womwewo basi! Anthu anamutenthera nyumba pomunena kuti ndi mfiti, iye akulira kuti, "Alamu, ndiyankhulireni!" Mwini damu anayang'ana kumbali. Patapita masiku atatu mayiyo anamupeza m'ngalande, atauma kale.

Koma nsomba zinkafabe.

Mlangizi wa nsomba atafika anaima nthawi yaitali pa damu lakumtunda. Mkazi wa mwini damu anali pomwepo, beseni lili pamutu.

"Iyi yotsalayi ipheni lero," anatero mlangizi. "Yachira, koma kachilombo kakadali m'thupi, kamatuluka ndi mkodzo ndi mazira. Madzi ano chidebe chimodzi chokha chikhoza kumaliza damu lathunthu."

Beseni linagwa, phwaa.

Atalowa m'nyumba mkaziyo anagwada pamaso pa mwamuna wake.

"Bambo, mapazi aja ndi anga. Ndimati poti nsomba ija ufiti unaikanika, madzi ake ndi mankhwala. Ndimatunga n'kukathira m'madamu a anthu kuti ndiwatsirike."

"Onse?"

"Onse. Pomwe amatentha nyumba ya alamu ndinaopa kunena."

Bamboyo anakhala pansi, mtima utamuwawa mosaneneka. Koma mantha anaposa chisoni.

"Usauze munthu."

Mpaka lero sanauze munthu. Madamu anauma, chidebe anachikwirira kuseri kwa nyumba. Koma dzuwa likangofiira, pakhomo pawo penipeni pamamveka khavu, khavu, ndi mawu otsika a mzimayi: "Alamu, ndiyankhulireni."