Kamzati Ikuyankhabe

Mphezi inapsereza wailesi ya mauthenga ya pa kachipatala ka Kamzati, ku Chikwa, mvula ya 1994 itangoyamba. Lamulo linali lodziwika: madzulo aliwonse a ku boma ku Chama ankaitana zipatala chimodzichimodzi, ndipo chikapanda kuyankha ankadziwa kuti wailesi yafa, n'kutumiza galimoto ndi amisiri. Namwino Virginia Zimba anadikira. Sikunabwere munthu.

Mwamuna wake, Meshack, yemwe ankayankha wailesiyo, anakwera njinga kuti akanene yekha. Anamupeza m'mabango, mtsinje utamukokolola.

Maliro atatha, Virginia anayamba kumva kanthu mdima ukangogwa. M'chipinda chokhoma cha wailesi munkalira batani, kenako kusokosera kwapansipansi konga mvula ya patali. Akalowa ndi nyali ankapeza mawaya ali lende, batire lili pansi, koma mpando utasendera kufupi ndi tebulo. Odikirira odwala ankanong'onezana kuti amamva munthu akutsokomola mmenemo. Pang'onopang'ono anasiya kugona pachipatalapo.

Kenako mwana wake, Adam, anagwidwa ndi malungo, kwinini atatha. Virginia anamusiya kwa mnansi, nawoloka madzi ofika m'chiuno, nafika ku Chama dzuwa likulowa. Anapeza Gordon, kalaliki wa wailesi, ali pampando wake.

"Asisita, mwabwera ndi miyendo? Osangotiitana bwanji?"

"Wailesi inafa kalekale, a Gordon."

"Iyayi. Amuna anu amayankha, sanaphonyepo tsiku. Manje ine nditumize bwanji galimoto kumalo kumene kukuyankha?"

"Amuna anga tinawaika m'manda."

Gordon anayamba kuseka, koma anasiyira panjira. Anadina batani. "Kamzati, Kamzati, mukundimva?"

Kunasokosera. Kenako kunamveka kachifuwa kouma kamene Virginia ankakadziwa ngakhale ali m'tulo.

"Kamzati ikumva. Zonse zili bwino kuno."

Virginia anatenga cholankhuliracho ndi manja onse awiri. "Atate ake Adam," ananong'ona, "chonde khalani chete. Mukakhala chete atumiza galimoto. Mwana wadwala."

Mawu a Meshack atabwerera anali ofatsa, ngati kale akamamutonthoza.

"Usavutike, amake Adam. Mwana wasiya kulira. Ali pano, pamiyendo panga."

Gordon anadzambatuka, akufufuza makiyi a galimoto. Virginia anaika cholankhulira pansi bwinobwino, nakhala pa benchi.

"Musathamange, a Gordon," anatero.